Red Arrow ndi agogo a kuntchito

Lachitatu usiku, mwinanso kwalowa kale Lachinayi, wotchi sindinayang'ane.

Tulo takana. Miyendo ikuwawa mwa masiku onse koma mutu ukungozungulira pa nkhani ya ndege, ndege yoti kulibeko n'komwe, chidole chopachika pa waya.

Kuntchito kwathu, kosamalira okalamba kuno ku Slough, kuli agogo ena aamuna osalankhulalankhula. Tiyi amalandira, mankhwala amamwa, kenako maso pa zenera mpaka kuda. Mwana wawo anawasiyira ma DVD a Thunderbirds, ija ya zidole ya Gerry ndi Sylvia Anderson ya mu 1965, ndiye lero masana yowaikira inagwera ine. Kwa amene simuidziwa, ndi nkhani ya mpondamatiki Jeff Tracy ndi ana ake aamuna asanu, amakhala pa chilumba chobisika ndi makina awo, kukagwa ngozi yoti aliyense wagwira njakata iwowo amatulukira, kupulumutsa anthu, n'kubwerera osasiya dzina. Zidolezo mitu ikuluikulu, poyenda zimachita kunjanja, zingwe zikuoneka poyera kkkk. Ine maganizo anga anali oti ndidine batani ndizipita kukapinda matawulo.

Anandigwira mkono wa yunifomu. "Takhala pansi mwana wanga, uone Red Arrow."

Gawo lake ndi Edge of Impact. Red Arrow ndi ndege yankhondo yatsopano, ikadali yoyeserera, yothamanga zoopsa. Chigawenga cha mu kanemayu, wadazi wa maso oyaka uja amati Hood, chalembedwa ganyu ndi mkulu wa asilikali wa dziko lina kuti chiigwetse. Chimabisa kachipangizo kokoka ndege, ndiye ndege ili m'mwamba imangosiya kumvera woyendetsa, liwiro kumangokwera, mpaka kukadzimenyetsa pa nyumba yosungira ndege pa bwalo la London. Woyendetsa kufera pomwepo. Ntchito imathera Colonel Casey amene amayang'anira pulojekitiyo, akuluakulu akuti walephera.

Apa agogo anadzuka pa pilo, chala pa TV. "Waona? Ndege ilibe vuto imeneyo. Ilibe vuto."

Ndinati agogo, komatu n'chidole chimenechi, wayayo simukumuona? Sanaseke. Anandifunsa ngati ndinamvapo za TSR-2, ndinati ayi, ndiye anayamba, munthu woti mawu ake pa tsiku ungawawerenge pa zala.

Akuti ali mnyamata ankagwira pa fakitale ina yomwe inkapanga zitsulo za ndege imeneyo. Inali ya ku Britain konkuno, yankhondo, yopangidwa kuti izithamanga kawiri liwiro la phokoso ikakhala m'mwamba, komanso izitha kuuluka chapansipansi kuzemba radar. Inanyamuka koyamba pa 27 September 1964 ku Boscombe Down, woyendetsa Roland Beamont, ndipo dzina limeneli analitchula mwaulemu wake, kawiri. Kenako pa 6 April 1965, tsiku lowerenga bajeti, boma la Harold Wilson linati yadya ndalama zambiri, ithe. Anati m'malo mwake agula F-111 ya ku America, nayonso anadzaisiya mu 1968 osalandira ngakhale imodzi. Pa ma TSR-2 onse inauluka ndi imodzi yokha, maulendo 24, ndipo imeneyo anakaitaya ku Shoeburyness kumene ankaiwombera poyesa zida. Pofotokoza izi manja awo anali akuyenda m'mwamba, akuonetsa mmene nsonga za mapiko zinapindikira pansi, dzanja lamanzere lija limanjenjemera likagwira supuni koma apa linali chilili.

Ine kukamwa yasa, matawulo ndayiwala.

Pa TV nkhani ikupitirira. Red Arrow yachiwiri nayo yakokedwa, woyendetsa wadumpha, ndege yakagunda nsanja ya TV pakati pa chimvula, pamwamba pali amuna awiri ogwira ntchito, nsanja ikugwedera. Ana a Tracy afika, awaponyera zida zoulukira kuchokera pansi, anthu apulumuka nsanja n'kugwa. Kumapeto kachipangizo kaja kapezeka m'zibenthu, aliyense wadziwa kuti ndege inalibe mlandu, Casey wabwerera pa ntchito yake. Agogo anangoti, "Iyeyu anamubwezera," n'kutembenukira ku zenera.

Mawu amenewo ndi amene andikanika kumeza. Mu kanema mdani ali ndi nkhope, ali ndi dazi, umboni umatoledwa ndi manja n'kuuika pa tebulo. Kwa agogowa kunalibe kachipangizo koti wina akapeze, kunali anthu a masuti akuwerenga ndalama, ndipo mwinanso masamu awo anali olondola ndithu, ndegeyo inalidi yodula, ndiye ukwiyira ndani? Thunderbirds inayamba kuonetsedwa pa 30 September 1965, miyezi isanu ndi kanthu chithetsereni TSR-2. Ndikungoganiza mnyamata uja atakhala kutsogolo kwa TV madzulo akuona zidole zikuulutsa ndege zimene iye anamulanda. Ndiponso zidolezo ankazijambula konkuno, pa Slough Trading Estate, pomwe basi yanga imadutsa m'mawa ine ndikusinza.

Kenako chitseko chinatseguka, mnzanga wa shifiti, nkhope itakwinya. "Achemwali, matawulo aja apinda okha? Fomu ya madzi a m'chipinda chachitatu mwalemba?" Aaa koma. Ndinamuyang'ana ndithu. Munthu wangolankhula kwa nthawi yoyamba nkhani ya moyo wake wonse ndiye ine ndidumphe chifukwa cha fomu yolemba kuti wina wamwa makapu angati. Sindinamuyankhe, nayenso watopa, tinali ochepa pa shifiti monga mwa chizolowezi, koma zinandiwawa mpaka pano zikundiwawabe. Pa fomu palibe bokosi lolembamo kuti agogo lero alankhula.

Ndili m'basi ndinayamba kukumbakumba pa foni, ndiye ndaona kuti mu kanemayu ndege yatsopano yothamanga siichedwa kuona zakuda. Gawo loyamba lenileni ndi la Fireflash, ndege ya anthu yoyendera mphamvu ya atomiki, liwiro kasanu ndi kamodzi kuposa phokoso, ulendo woyamba wochoka London kupita Tokyo, Hood yemweyo waika bomba m'matayala. Injini zake zikhoza kukhala m'mwamba miyezi, koma chotchinga choteteza anthu ku poizoni wa atomiki chimangopirira maola ochepa, ndiye kutera sangatere, kukhalitsa m'mwamba sangakhalitse. Anaiteretsa pa magalimoto athyathyathya othamanga pansi pake. Ngakhale mu Thunderbirds yatsopano ija inayamba mu 2015 muli TV-21, ndege yoyeserera ya bambo awo Jeff, nayo inakathera pansi pa nyanja. Koma 1965 anthu ankalota eti. Kasanu ndi kamodzi! Concorde yeniyeni inafika kawiri basi, inayamba kunyamula anthu mu 1976, pofika 2003 anaiimika, pano tonse tikukwera zoyenda pang'onopang'ono mawondo ali pachibwano.

Ndipo ine mwa makina onse aja amene wandisangalatsa si Thunderbird 1 wosongoka uja, amene amafika msanga pamalo n'kumangolankhula pa wailesi. Ndi Thunderbird 2, wobiriwira, chimimba uko ngati chule wakhuta ngumbi, amafika mochedwerapo koma ndi amene wanyamula zida zonse. Ndinawauza agogo zimenezi ndisanatuluke, anandiyang'ana ngati ndatukwana, akuti ndilibe diso la ndege. Chabwino, ndilibe.

Sindikudziwa chifukwa chake zandikhudza chonchi. Mwina n'chifukwa choti nanenso mapepala anga a zamagetsi ali mu sutikesi pansi pa bedi chibwerereni kuno, sindinagwirepo waya wa munthu, ndimagwira matawulo ndi mathewera. Koma ayi, isakhale nkhani ya ine, palibe anandithetsera pulojekiti, ndinakwera ndege ndekha ndi miyendo yanga. Mwina ndi njala chabe, nsima ndaiphika koma ndangoitsina.

Chinanso. Pomwe ndimawafunditsa bulangeti anandiuza kuti ma TSR-2 awiri anatsala, ina ili ku Cosford ina ku Duxford, m'nyumba zosungira zakale, ndipo iwo sanapiteko chifukwa ankaopa kuti akalira pagulu. Kenako akuti, "Ungandiperekeze?" Ndinangoti ndifunsa akuluakulu. Ndikudziwa kale mmene zikayendere, mafomu, galimoto yolowa njinga yawo, munthu wachiwiri woperekeza yemwe kulibe, chilolezo cha mwana wawo amene foni amayankha akafuna. Ndipo mwina mawa akadzuka atayiwala kuti anandipempha, kapena ayi, sindikudziwa chomwe chili bwino pa ziwirizi.

Ndayang'ana pa mapu, Duxford ili kufupi ndi Cambridge, Cosford ili uko cha ku Wolverhampton, yapafupi ndi Duxford. Amaneja amabwera 9 koloko, ine ndimayamba 7, ndiona mmene nkhope yawo ikhalire kaye. Yunifomu sinaumebe, ndaiyanika pa hita.