Lachiwiri ku Pretoria: zotsatira za magazi a mphwanga

Lero sindinapite ku Centurion. Dzulo ndinawapempha abwana kuti matailosi a m'bafa muja ndidzamalize mawa, iwo anangovomera osafunsa zambiri. Ganyu ukajomba ndiye kuti ndalama ya tsikulo yapita, koma mphwanga, mwana wa achemwali anga, anafunika womuperekeza kuchipatala. Mayi ake ali ku Dedza, bambo a mwanayu anatisiya kalekale, ndiye kuno ku Joni mwini mbumba ndine. Palibe wina woti ndimukankhire.

Ndinakamupeza kumene amagona, kumunsi kwa Marabastad cha kumtsinje wa Apies. July wa kuno sachita masewera, udzu unali mbuu ndi chisanu. Iye anali atadzuka kale, akumanga matumba a zitini ndi mabotolo omwe amakagulitsa pa sikelo. Atandiona anati, "Amalume, mundidikire kaye." Ndinadziwa chimene akufuna kuchita. Munthu wa nyaope akadzuka m'thupi mulibe kanthu, m'mimba mumapota, mafupa amaphwanya, thukuta lili kamukamu ngakhale kukuzizira chotere, ndipo pa mzere wa kuchipatala sangakhalepo. Ndinatembenuka n'kuyang'ana kumsewu mpaka atamaliza.

Kwa amene muli kumudzi, nyaope ndi mankhwala ozunguza bongo, heroin wotchipa wosakaniza ndi zinthu zina. Inayamba kumveka ku Soshanguve ndi ku Mamelodi m'zaka za m'ma 2000, ndipo boma linaiika m'gulu la mankhwala oletsedwa mu 2014. Ku Durban amaitcha whoonga. Ambiri amayamba ndi kusuta, kuwaza mu ndudu ya chamba. Thupi likazolowera ndalama n'kuchepa, amatembenukira ku jakisoni chifukwa kaphukusi komweko kamagwira mwamphamvu kakalowa mumtsempha. Mphwanga anayenda njira yomweyo.

Tinayenda wapansi mpaka pa amodzi mwa malo a COSUP, ntchito imene khonsolo ya Tshwane ndi University of Pretoria anayambitsa mu 2016 yothandiza anthu ogwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo. Pakhoma anali atamata kale mapepala a tsiku lokumbukira matenda a chiwindi, lomwe limakhala pa 28 July. Anyamata ndi atsikana angapo anali pa benchi, ena atafunda mabulangete kumutu. Aliyense akafika amayamba wataya majakisoni akale m'chigubu chachikasu, kenako n'kulandira atsopano, timadzi toyera ta m'mapulasitiki ndi tothira popukuta pakhungu. Amene amagawa zimenezi ndi mnyamata woti naye anadutsamo m'moyo womwewu, mikono yake ikuchitira umboni. Amawadziwa onse ndi mayina, ndipo wina akasowa amafunsa kuti ali kuti.

Masabata apitawa anamubaya mphwanga pachala. Za HIV zinatuluka bwino, ndinapuma. Koma kachipangizo kena kanaonetsa mizere iwiri, ka hepatitis C, matenda ena a chiwindi, ndipo anamutenga magazi a pamkono n'kutumiza ku labu. Lero linali tsiku lomva za magazi amenewo.

Anesi anafunsa kaye mwini wakeyo ngati akulola kuti ine ndilowe nawo. Anavomera. Iwo sanazungulire: kachilombo kalimo. Anafotokoza pang'onopang'ono, chifukwa Chingerezi changa ndi cha pa ntchito ya zomangamanga. Kuyeza kwa pachala kumangosonyeza kuti thupi linakumanapo ndi kachilomboka nthawi ina. Mwa anthu 10 amene atenga, pafupifupi atatu thupi lawo limakachotsa lokha m'miyezi 6 yoyamba, koma mizere iwiri ija imaonekabe mpaka kale. N'chifukwa chake pamafunika kuyeza kwachiwiri, kwa PCR, kofufuza kachilombo kenikeniko. Mphwanga sali mwa atatu amwayiwo.

Apa mpamene anapsa mtima. "Ine sindinabwerekepo singano ya munthu! Amalume, ndikulumbira, yanga ndi yanga." Ndipo ndikumukhulupirira. Kuyambira ali wamng'ono za Edzi anazimva kusukulu, pa wailesi, kutchalitchi, ndipo za singano ndi lumo zinamulowa. Anesi sanamutsutse. Anangofunsa kuti mankhwala ake amasungunulira pati. Pa kachitsekero ka botolo. Kake yekha? Anakhala chete. Nanga madzi amatunga pati? M'kapu imodzi onse. Nanga kathonje kosefera, kaja amang'amba ku fyuluta ya ndudu? Amagawana, ndipo wina akasowa ndalama amatolera timathonje ta anzake n'kutinyowetsanso kuti afinyemo zotsalira.

Njira yake ndi imeneyo. Anyamata atatu akasonkherana ndalama ya kaphukusi kamodzi, amasungunulira pamodzi, aliyense n'kuviika jakisoni wake. Mmodzi akakhala kuti jakisoni wakeyo anaugwiritsapo kale ntchito, kadontho ka magazi kosaoneka ndi maso kalowa m'madzi a onse. Kachilombo ka hepatitis C n'kolimba kuposa ka HIV kakakhala kunja kwa thupi. Akatswiri a ku yunivesite ya Yale ku America anapeza kuti pa chinthu chouma kangathe kukhala ndi mphamvu mpaka masabata 6, ndipo mkati mwa mitundu ina ya majakisoni kangapitirire pamenepo. Ndiye munthu atha kuzemba HIV zaka zambiri koma n'kukodwa ndi ichi m'chaka chake choyamba cha kudzibaya.

Ndinafunsa ngati ali ambiri oterewa. Anesi anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. Kafukufuku amene anachitika mu 2016 ndi 2017 pakati pa anthu 943 odzibaya m'mizinda itatu anapeza kuti 55 pa 100 alionse anali atakumanapo ndi hepatitis C. Ku Durban anali 35, ku Cape Town 44, kuno ku Pretoria 84. Nditatuluka ndinayang'ananso benchi ija. Panali anthu ngati khumi. Ndinachita masamu mumtima, ndipo ndinalakalaka ndikanapanda kuwerenga.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chakuti mwanayu sakumva kuwawa paliponse. Kwathu matenda a chiwindi timawadziwa maso akachita chikasu, mimba ikatupa, miyendo ikadzaza madzi. Hepatitis C sachenjeza. Amadya chiwindi ngati chiswe mu mtanda wa denga, kunja kukuoneka bwinobwino. Mwa amene kachilombo kakhazikika, pakati pa 15 ndi 30 pa 100 alionse chiwindi chimakhala chitauma ndi zipsera pakatha zaka 20, ndipo ena mwa iwo amadzadwala khansa. Mnyamata wogona pansi pa mlatho, amene nkhawa yake ndi ya madzulo ano, mungamuuze bwanji za zaka 20 zikubwerazo kuti amve?

Koma nkhani yabwino ilipo, ndipo ndi yaikulu. Matendawa amachizika. Osati kungogonetsa kachilombo ngati mmene achitira ma ARV, ayi, kukatheratu. Mapiritsi akumwa tsiku lililonse kwa masabata 12, ndipo oposa 95 pa 100 alionse amachira. Anatchula dzina loti sofosbuvir, lomwe amaphatikiza ndi velpatasvir kapena daclatasvir. Madzulo ano ndawerenga kuti pamene mankhwalawa anatuluka ku America mu 2013, piritsi limodzi linali madola 1,000, ndipo mankhwala a munthu mmodzi anali madola 84,000. Makampani a ku India atayamba kupanga, mtengo unagwa kwambiri. Komabe sapezeka pa kiliniki iliyonse. Atilembera kalata yoti akayezedwe kaye mmene chiwindi chilili, kenako aone za mankhwala.

Ine funso langa linali limodzi: ayambe wasiya nyaope kaye, eti? Anesi anakana. Anati malangizo a bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization ndi oti munthu alandire mankhwala ngakhale akudzibayabe, chifukwa odzibaya amachira mofanana ndi ena akamamwa mapiritsi mwandondomeko, komanso aliyense amene wachira ndiye kuti m'kapu ija mwachepa kachilombo. Kudikira kuti asiye kaye ndi kudikira tsiku losadziwika, chiwindi chikuwonongeka, anzake akutengera. Chimene akumulimbikitsa ndi kuyamba methadone, mankhwala akumwa amene amaletsa kuphwanya kwa m'thupi kuja kuti munthu asathamangire jakisoni m'mawa uliwonse. Anamuchenjezanso kuti kuchira si katemera. Akadzaviikanso m'madzi a gulu, kachilombo kadzalowanso. Hepatitis C alibe katemera mpaka lero.

Amene ali ndi katemera ndi hepatitis B, ndipo apa ndinaphunzira kanthu kokhudza kwathu. Kuno ku South Africa makanda anayamba kulandira katemerayu mu 1995. Ku Malawi anamuphatikiza mu katemera wa kusikelo mu 2002. Mphwanga anabadwa chakacho chisanafike, kutanthauza kuti iye ndi anzake onse a msinkhu wake amene anabwera kuno kudzasaka maganyu alibe chitetezo chimenechi. Magazi ake alibe B, mwayi wake, ndipo anesi anati ayenera kubayitsa katemerayu katatu. Anawonjezera kuti nanenso ndikayezetse, poti B ambiri kwathu anatengera ali ana, kwa mayi kapena kwa ana anzawo, jakisoni wa mankhwala ozunguza bongo osamudziwa n'komwe.

Ndinawafunsanso za kunyumba, chifukwa mayi a ana anga anamupatulira kale mbale ndi kapu yake akabwera kudzasamba Lamlungu. Yankho linali lalifupi. Mbale, kapu, chimbudzi, kugwirana chanza, zonsezi palibe vuto. Zoti asabwerekane ndi lumo, mswachi, chowengera zikhadabo ndi makina ometera, chilichonse chimene chingakhudze magazi.

Masana ndinamugulira chipisi ndi buledi, anadya ngati akuthamangitsidwa, kenako anati akufuna akagulitse zitini zake sikelo isanatseke. Tinapangana kuti abwere kunyumba madzulo.

Cha m'ma 4 koloko ndinawaimbira achemwali pa WhatsApp. Ndinayamba ndi nkhani ya HIV kuti mtima ukhale pansi, kenako ndinanena zinazo. Analira kaye. Atatonthola anati, "Achimwene, mukwezeni basi abwere kuno. Kuli abusa ena ku Lilongwe amapempherera oterewa, ndipo agogo ake akudziwa mizu ya chikasu." Nditatchula zoti amalandira majakisoni aulere, mawu anasintha. "Ndiye inu malume ake mukumuperekeza kokatenga zida zodziphera? Boma lanji logawira ana zimenezo?" Anati anaonanso pa Facebook zoti anyamata a kuno amapopa magazi a mnzawo amene waledzera n'kudzibaya nawo. Zimenezo zinamvekadi m'manyuzi mu 2017, amati bluetooth, ndipo n'zoopsa zedi. Koma mwana wawo sanatengere kumeneko. Anatengera pa kachitsekero ka botolo.

Sindinakangane nawo, ndi mayi, ndipo ali kutali. Koma maganizo anga ndilemba pano. Jakisoni woyera sanamuyambitse mphwanga nyaope. Anayamba asanadziwe n'komwe kuti malo amenewa alipo. Lero akapanda kulandira watsopano sikuti agona osabaya, akatola wa pansi kapena akabwereka. Ku Durban akuluakulu a mzinda anaimitsa ntchito yogawa majakisoni mu 2018 anthu atadandaula kuti akutayidwa paliponse, ndipo panatha pafupifupi zaka ziwiri isanayambirenso. Kodi pa nthawi yonseyo whoonga inatha m'misewu? World Health Organization imafuna kuti pofika 2030 munthu aliyense wodzibaya azilandira majakisoni oyera 300 pa chaka. Poyamba kumva chiwerengerocho chimadabwitsa, koma munthu wobaya katatu kapena kanayi pa tsiku sangafike nawo ngakhale pakati pa chaka.

Zomukweza basi nazonso ndazikana, pakadali pano. Ulendo wodutsa Beitbridge, Nyamapanda mpaka Dedza ndi wa masiku awiri kapena kuposa, ndipo munthu amene thupi lake likufuna heroin maola angapo alionse angathawe pa chipata choyamba. Akafika kumudzi, chimene chili pafupi chothetsera kuphwanya kwa m'thupi ndi kachasu, ndipo anesi ananenetsa kuti mowa pa chiwindi chokhala ndi kachilomboka umafulumizitsa kuuma kuja. Mizu ya agogo nayo idzadutsa m'chiwindi chomwecho. Pemphero sindikulikana, nanenso ndimapemphera, ndipo ndawauza achemwali kuti amayi a chigwirizano apitirize kumutchula. Koma mapiritsi a masabata 12 ali kuno, methadone ali kuno, ndi anthu amene amamuitana ndi dzina lake osamunyoza ali kuno. Akachira n'kukhazikika, ndidzamugulira tikiti ndi manja anga.

Anabweradi madzulo, mochedwerapo. Mayi a ana anga nditawafotokozera za mbale anangoti "chabwino," koma ndinaona kuti anamupakulirabe m'mbale yake ija. Zimenezo zitenga nthawi. Anadya nsima ya usipa umene unabwera ndi basi mwezi watha, anasewera pang'ono ndi ana, ndipo isanakwane 8 koloko anayamba kuyasamula ndi kupukuta mphuno. Anatsanzika. Ndinamuuza kuti kalata ya kuchipatala ndisunga ine, chifukwa kumtsinje kuja mapepala amanyowa kapena kupsa pa moto wowotha.

Chimene akuopa kwambiri si matendawa ayi, koma pasipoti yake, yomwe masiku ake anatha kale. Akuti akakaonetsa pa windo la chipatala chachikulu amugwira. Mnyamata wogawa majakisoni uja walonjeza kuti atiperekeza Lachinayi, akuti anaperekezapo ena ochokera kunja. Ndiye mawa ndikamaliza bafa ija ndiyenera kuwapemphanso abwana tsiku lina, komanso kudutsa ku Marabastad kukafuna kafoni kamabatani kotchipa, kopanda phindu kukagulitsa, koti ndizimukumbutsira nthawi ya mapiritsi.