Mvuu ikamira, osatembenuza pepala

Ndabwerako ku Mfuwe Lolemba madzulo. Kope langa ladetsedwa ndi fumbi ndi thukuta, koma mtima wakhala pansi koyamba chiyambire kujambula nyama zamoyo. Zaka zitatu ndakhala ndikulimbana ndi vuto limodzi lokha. Anzanga amene mumajambula kutchire mukulidziwa kale, ndiye za mapensulo ndi mapepala sindikambapo. Vutolo ndi lakuti nyama siima. Ukayamba khutu, yatembenuka. Ukati ugwire msana, yagona. Ine ikangosuntha ndinkati basi chithunzi chafa, n'kutsegula tsamba lina. Makope anga awiri akale ndi manda a makutu ndi michira.

Amalume amaphika pa kampu ina kufupi ndi mlatho wa Luangwa, tsidya lino, kunja kwa paki ya nyama ya South Luangwa. Ndikapeza masiku ndimakwera minibasi kuno ku Chipata, makilomita pafupifupi 130, kudutsa kwa Jumbe mpaka kutsikira m'chigwa momwe kutentha kwa Okutobala kumakulandira ngati watsegula uvuni. Ulendo uno, Loweruka m'mawa, malo m'galimoto yolowa m'paki sanapezeke. Ndinakwiya ndithu. Amalume anangoti, "Mphwanga, tenga tiyi ukakhale pa benchi apo uziyang'ana dziwe. Nyama zake n'zomwezo, sizilipira pa geti."

Dziwe lake ndi njira yakale ya mtsinje. Luangwa amayenda mokhotakhota pamchenga, ndipo madzi a dzinja akakula amagumula gombe n'kudula njira yachidule, n'kusiya mkono wakale uli wokhawokha, wopindika ngati chikwakwa. Maiwe otere ali mbwee m'chigwa chonsechi. Pofika Okutobala madzi amakhala atachepa, pamwamba patadzaza timasamba tobiriwira tija tonga kabichi, mvuu zitaunjikana pakati pomwe patsala pakuya.

Mvuu imodzi inali payokha, chakufupi ndi ine. Inati vuu, timasamba tili pamutu ngati chipewa. Ndinayamba zitunda ziwiri za maso. Sindinamalize n'komwe, yamira. Dzanja linapita lokha kukatembenuza pepala monga mwa chizolowezi, koma dzanja linalo linali ndi kapu ya tiyi wotentha, poika panalibe. Ndiye ndinangokhala duu, kuyang'ana madzi. Patapita kanthawi, vuu, pamalo pomwe paja, mutu utaloza komwe kuja, makutu akupukusa madzi, mphuno zikuphulika ngati matayala. Ndinaonjeza mphuno imodzi pa chithunzi chomwe chija. Yamira. Ndinatulutsa foni n'kuyamba kuwerenga nthawi: mphindi 3, kenako 4, kenako 3, osapitirira 5. Kuvuuka kulikonse ndinkaikapo mizere iwiri kapena itatu. Itavuuka kakhumi, papepala panali mutu wathunthu wa mvuu, woyamba m'moyo wanga wosakopera pa chithunzi cha munthu wina.

Dzina lake lomwe limanena: mvuu imavuuka. Zaka zitatu osamva!

Apa ndi pomwe zinanditsegukira. Nyama imasuntha, inde, koma siyenda mwachisawawa. Ili ndi kaimidwe kowerengeka, katatu kapena kanayi, ndipo imangobwerezabwereza komweko. Ine ndinkathamangitsa kaimidwe kamene kadutsa, osadziwa kuti kakubweranso. Nditasiya mvuu ndinayesa kakowa amene ankasodza m'mphepete. Ndinayamba ndamuyang'ana osagwira cholembera. Khosi lopinda, mutu uli pamapewa. Khosi lotambasuka chopendekera kutsogolo, mwendo umodzi uli m'mwamba. Kenako kujompha. Basi, zitatu zokha. Ndinayamba zithunzi zitatu pa tsamba limodzi, chilichonse chosatha, ndipo kakowa akalowa m'kaimidwe koyamba ndinkapita pa choyamba, akatambasula khosi ndinkadumphira pa chachiwiri. Zili ngati mmene amayi amaphikira nsima, ndiwo ndi madzi osamba nthawi imodzi: mphika umene waitana ndi umene amaupitira, enawo amadikira, sapsa.

Chachitatu, chojompha chija, n'chofulumira kwambiri moti diso silichigwira kamodzi. Koma kakowa amajompha kambirimbiri m'mawa umodzi. Ulendo woyamba ndinangoyang'ana komwe mlomo waloza. Wachiwiri, mapiko: amatseguka pang'ono kuti asagwere m'madzi. Wachitatu, miyendo. Chithunzicho chinamangidwa ngati nyumba ya munthu wa malipiro ochepa, mwezi uno njerwa, mwezi wamawa malata.

Madzulo anabwera anseula, agwape ofiirira aja, kudzamwa. Nawonso chimodzimodzi: mutu pansi kudya, mutu m'mwamba makutu ali njo, kukanda khosi ndi mwendo wakumbuyo, ndipo mwamuna wake nthawi ndi nthawi n'kuimba kamluzu kake kaja. Ndinadzaza masamba anayi. Ndikudziwa kuti kwa ena mwa inu izi n'zachikale, mwina mukuseka kuti munthu angalembe zonsezi chifukwa chozindikira kuti nyama imabwereza. Sekani. Ine palibe anandiuzapo.

Tsopano ndinene za bolopeni, ndipo pano sindimva za munthu. Tayani pensulo. Tayani labala, makamaka labala. Chimene chinkandipha ine n'kufufuta: nyama ikasuntha ndinkayamba kukonza mzere, maso ali papepala, ndipo pamene ndikufufuta mpamene nyama ikubwerera m'kaimidwe kamene ndinkafuna, ine osaona. Bolopeni wamba wakuda, wogula pa kantemba ku Kapata, salola zimenezo. Mzere ukalakwika umaukhalira pomwepo, n'kuika wolondola pambali pake, maso n'kubwerera ku nyama. Pomaliza mizere yolakwika ija ndi imene imachititsa chithunzi kuoneka ngati chikupuma. Mnzanga wina amene amajambula nkhope za anthu ndi makala amati ndikukokomeza, akuti bolopeni sapereka mthunzi wofewa ndipo inki imadontha kukatentha. Za kudonthazo akunena zoona, thumba la shati yanga ndi mboni. Koma ine ndikuti munthu amene sanadzazepo kope lonse ndi bolopeni asandiuze za kujambula nyama. Ndikanakhala wolamula, ana onse a Art akanalandidwa malabala chaka choyamba.

Poti ndatchula za sukulu. Ku sekondale aphunzitsi athu a Art ankabwera ndi kalendala yakale ya nyama, n'kutiuza kulemba timabokosi pa chithunzi ndi timabokosi tina papepala, kenako kukopera kabokosi ndi kabokosi. Mkango wanga wa timabokosi unapachikidwa pakhoma chaka chathunthu, ndipo ndinkadziyesa katswiri. Panja pa kalasi yomweyo pankadutsa mbuzi, nkhuku, agalu, ng'ombe zokoka ngolo. Tsiku ndi limodzi lomwe sitinatulutsidwe kukajambula mbuzi yamoyo. Sindikuti anali aulesi, mwina nawonso anaphunzitsidwa choncho, ndipo kalasi ya ana ochuluka chomwecho kuitulutsa panja ndi nkhondo. Koma zimandiwawa kuti ndinatuluka ndikudziwa kukopera mkango wa mzungu amene anaujambula ndi kamera, pamene nkhuku ya pakhomo pathu inkandikanika. Amene anajambula nyama ndi dothi loyera pamiyala ya ku Kalemba, m'boma la Chadiza, analibe kalendala, analibe labala. Anaiona nyamayo kambirimbiri mpaka inakhala m'dzanja. Ife tili nawo pafupi chonchi, koma tinkaphunzira ngati kujambula kunabwera pa sitima.

Chinanso ndi nthawi. Ulendo wa galimoto m'paki umayamba 6 koloko m'mawa, pofika 10 koloko mwabwerako, ndipo alendo amene muli nawo alipira ndalama zambiri kuti aone kambuku. Galimoto ikaima pa dziwe, makamera amalira kwa mphindi ziwiri, wina n'kuti tiyeni. Iwe wangoyamba kumene khutu. Woyendetsa sangaime theka la ola chifukwa cha munthu mmodzi wa kope amene wakwera mwa chisoni cha amalume ake. Ngakhale ulendo wa pansi, umene Norman Carr, wosamalira nyama zakutchire, anautchukitsa m'chigwa chino atayamba kulandira alendo mogwirizana ndi Mfumu Nsefu mu 1950, suli wa munthu wojambula: mumayenda mondondozana, asikauti a mfuti ali patsogolo, ndipo akati tiyeni palibe zoti dikirani ndimalize mwendo. Ndiye taonani, South Luangwa ndi masikweya kilomita 9,050, inakhala paki mu 1972, anthu amauluka kuchokera kutali kudzaiona, koma ine chimene ndinkasowa ndachipeza pa dziwe losaposa bwalo la mpira, kunja kwa geti, chifukwa chosowa mpando m'galimoto. Maulendo onse aja ndinkangowononga inki. Ndipo Lachiwiri ndinali kale pa ntchito, ulendo wina mwina Disembala, mvula itagwa, mvuu zitabalalika, udzu utabisa chilichonse.

Lamulungu ndinatulutsa penti wa madzi, ndipo apa nkhani si yokoma kwenikweni. Kutentha kwa m'chigwa mwezi uno kumafika madigiri 40 n'kupitirira. Ukapaka bulashi, usanabwerenso kachiwiri pauma kale, m'mphepete mwatsala mzere wouma ngati mkodzo wa mwana pa mphasa. Ndinaphunzirapo ziwiri zokha. Choyamba, madzi a dziwe si abuluu. Dzanja limathamangira buluu chifukwa cha ku pulayimale, koma madziwo ndi a mtundu wa tiyi wamkaka, mwina mobiriwira, ndipo pomwe dzuwa likunyezimira umangosiya pepala loyera osapakapo. Chachiwiri, mvuu si yakuda ndipo si yotuwa. Pamsana ndi yofiirira mopita ku pepo, koma kuzungulira maso, makutu ndi m'masaya ndi ya pinki ngati chilonda chopola. Khungu lake limatulutsa timadzi tamafuta tofiira, anthu amati ikutuluka thukuta la magazi, koma si magazi, ndi mafuta ake odzitetezera ku dzuwa ndi ku tizilombo. Nditaika pinki uja kuzungulira diso, chithunzi chinadzuka. Amalume anadutsa ndi beseni la anyezi, n'kuima, n'kuti, "Iyi ndiye mvuu. Zija unkabweretsa kale zinali nkhumba." Kuyamikira kwawo n'komweko.

Mukapita, musavale buluu kapena zakuda. Akashembe amakopeka ndi mitundu imeneyo, n'chifukwa chake nsalu zowakolera zimene mumaziona m'mbali mwa msewu zimakhala za buluu ndi zakuda. Ine ndinaiwala, ndipo kujambula uku ukudzimenya pamsana si zinthu. Komanso kukayamba kuda chokanipo pa dziwe, mvuu zimatuluka kukadya udzu usiku, ndipo kupezeka pakati pa mvuu ndi madzi ake ndi kudziitanira maliro.

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti njira yangayi inakanika masana omwewo. Tinapita pa gombe pomwe fulagombe wofiira uja, amene mabuku a mbalame amati carmine bee-eater, waboola zisa zake mazanamazana m'khoma la mchenga, monga achitira chaka chilichonse mu Seputembala ndi Okutobala. Ndinati ndipeze kaimidwe kake katatu. Kunalibe. Kunali kufiira kokhakokha kukuwuluka, phokoso, imodzi kulowa m'dzenje zina khumi kutuluka. Ndinakhala ola lathunthu, papepala panatsala timizere tonga udzu. Nyamalikiti nayenso, uja wa Thornicroft amene sapezeka kwina kulikonse koma m'chigwa cha Luangwa, anangodutsa kamodzi pakati pa mitengo ya mchenja, osabwereranso. Nyama yodutsa siibwereza. Ndiye kapena chimene ndapezachi chimagwira pa nyama zokhazikika zokha, zodya ndi zosodza, ndipo zouluka ndi zodutsa zili ndi chinsinsi china chimene ndidzachipeze patapita zaka zina zitatu. Kapena n'chimodzimodzi koma diso langa likadali lochedwa. Sindikudziwa.

Ndipo pali china. Ndikulongedza Lolemba m'mawa, ndinawaonetsanso amalume mutu wa mvuu woyamba uja, wa bolopeni, n'kuwafotokozera monyadira za kuwerenga mphindi. Anauyang'anitsitsa n'kuti, "Pakona paja pamakhala ziwiri, yaikazi ndi mwana wake wamkulu. Zimasinthana." Ndinati ayi, inali imodzi, ndinaiona ndi maso angawa. Iwo anangoseka n'kubwerera ku khitchini. M'minibasi monse ndinali ndi kope pamiyendo, kuyang'ana mutu uja. Khutu lamanzere likuonekadi laling'ono kuposa lamanja. Mwina ndi dzanja langa, poti bolopeni safufutika. Mwina ndajambula khutu la mwana pa mutu wa make.