Masamba anga apachikidwa, koma Loweruka lija linandiwawa

Zithunzi zanga za masamba oyoyoka, zimene ndinapenta ndi utoto wosungunula ndi madzi, zapachikidwa tsopano pa chionetsero cha m'dera lathu kuno ku Leicester, ku England, ndiye ndati ndilembe mmene ndinayendera kuti anzanga ojambula mongokonda musakavutike ngati ine.

Tolani masamba kumapeto kwa Okutobala kapena kuchiyambi kwa Novembala, ndipo muwajambule ndi foni pomwepo pansi pa mtengo. Tsamba la mtengo wa maple lofiira bwino m'mawa, mukaliika m'nyumba moyaka hita, pofika mawa lapiringizika ndipo lasanduka lakhofi. Likulungeni m'kapepala konyowa pang'ono, muike m'kontena yotseka, mulowetse mufiriji. Likhala masiku angapo. A oak ndi a beech amapirira, koma a chomera choyanga chotchedwa Virginia creeper amafota msanga kwambiri.

Pepala musaumire. Gulani la thonje lochindikala, lolembedwa 300gsm, monga la mtundu wa Arches kapena Saunders Waterford. Lopyapyala limafutukuka madzi akangoligwera, utoto n'kumakadikha m'zigwa. Ine ndimayamba ndi utoto wachikasu wa yellow ochre pa tsamba lonse, kenako pepala likadali lonyowa ndimadontheza wakhofi wa burnt sienna ndi wofiira wa alizarin crimson m'mphepete kuti zilowererane zokha. Chikasu chimayenera kukhala pansi chifukwa m'tsambamo chinalimo kale, chimangoonekera zobiriwira zikatha, pamene kufiira kumabwera pambuyo. Mitsempha ya tsamba ndimaitulutsa ndi burashi yonyowa pang'ono, kuchotsa utoto usanaumitsitse. Mabowo a mbozi ndi madontho akuda musawasiye, ndi amene amapatsa tsambalo moyo.

Tsopano za Loweruka lija ndinakapereka zithunzi ku chionetsero. Ndinalipira ndalama yolembetsera pa intaneti, chithunzi chilichonse mtengo wakewake, ndipo fomu yawo inangoti zithunzi zibwere zili mufulemu. Sinanene china. Ndinazikulunga m'bulangete, ndinakwera mabasi awiri mvula ikuwaza. Nditafika, mayi wolandira zithunzi anangotembenuza fulemu imodzi n'kupukusa mutu. Akuti salandira mafulemu a galasi lopanidwa ndi titsulo m'mbali, akufuna a matabwa okhala ndi ma D-ring awiri (timphete tachitsulo tooneka ngati D tomangirirapo chingwe) ndi chingwe kumbuyo. Ndinafunsa kuti, "Mayi, nanga bwanji zimenezi simunalembe pa fomu?" Anayankha kuti aliyense amadziwa. Aliyense wake uti? Munthu wobwera koyamba akanadziwira kuti? Ndalama sabweza, ndipo tsiku lomaliza kulandira linali Lolemba. Ndinabwerera ndi katundu wanga, masana onse n'kuthera m'mashopu kusaka mafulemu a saizi yake, ndalama zina kulowanso. Mzere umodzi wokha pa fomu ukanandipulumutsa ku zonsezi, ndipo mpaka lero zimandipweteka. Musanalipire, imbani foni mufunse za fulemu, za chingwe, ndi zoyenera kulemba kumbuyo kwa chithunzi.

Ndaiwala za kuwala. Mawotchi akabwezedwa m'mbuyo Lamlungu lomaliza la Okutobala, mu Novembala 4 koloko madzulo kumakhala kukuda kale. Pentani m'mawa pafupi ndi windo. Magetsi a m'nyumba amanamiza maso, zofiira mumaziona bwino usiku koma kukacha mupeza zaderako ngati dothi. N'chifukwa chake ndikubwereza: chithunzi cha pa foni pomwe mwatola, tsamba mufiriji.

Chimene chimandikokera ku masamba amenewa n'chakuti kwathu mitengo ya mombo imafiira pophukira cha mu Seputembala, pamene kuno mitengo imafiira masamba akamagwa. Mnzanga wina anati ndiwaviike mu glycerine, gawo limodzi ku magawo awiri a madzi. Amafewadi ndipo sathetheka, koma mtundu umasintha, choncho njira imeneyo ndi yosungira tsamba, osati yoti muzionera popenta.

Pomanga fulemu ikani katoni yodula pakati ija, yomwe amati mount, kuti galasi lisakhudze utoto. Ma D-ring mumange cha kumtunda kwa fulemu, ndipo chingwe chikhale chokoka bwino kuti chisatulukire pamwamba chithunzi chikapachikidwa.