Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: masamba amene ndinafufuta

Zikomo nonse amene munalemba maganizo anu pa gawo lapitalo. Ena mwa inu mwanena kuti ndinawaipitsa mbiri abwana aja a gulu lathu. Werengani kaye izi, kenako muweruze.

Mukukumbukira kuti nditayamba ntchito ija yolemba mapulogalamu a kompyuta anandipatsa buku la pakampani la malangizo a Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za code, kuti ndizilisamalira, ntchito imene aliyense ankaizemba. Bukulo analilemba ndi abwanawo pamene gulu linkasamuka ku Subversion kupita ku Git, ndipo analembera anthu amene anakulira mu Subversion ndi CVS, mapulogalamu akale ogwira ntchito yonga ya Git. Pafupifupi tsamba lililonse linkati lamulo ili la Git likufanana ndi lakuti la svn, dzina lachidule la Subversion. Nthawi imeneyo zinathandizadi, sindikana. Koma achinyamata amene ankabwera pambuyo pake anali asanakhudzepo svn. Kuti amvetse Git, bukulo linkawakakamiza kuphunzira kaye chinthu chimene sadzachigwiritsa ntchito.

Git payokha ili kale ndi misampha. Linus Torvalds anaiyamba mu 2005, gulu lolemba Linux litasiya BitKeeper, pulogalamu imene linkagwiritsa ntchito kale, ndipo chaka chomwecho anaisiya m'manja mwa Junio Hamano. Inapangidwira akatswiri odziwa kale zimene akufuna. Malo amene zosintha zimadikirira zisanalowe mu commit (kusungidwa mu mbiri ya ntchito) amatchedwa index, pena staging area, pena cache, ndipo buku lathu linkasakaniza mayina onse atatu pa tsamba limodzi ngati ndi zinthu zosiyana.

Ndiye panabwera mtsikana uja ndinakuuzani kuti sankayankhula m'misonkhano. Anali wakhama kwambiri, ndipo bukulo analiwerenga lonse, zimene ngakhale akuluakulu sanachitepo. M'menemo anapeza kuti git commit ikufanana ndi svn commit. Mu Subversion, ukachita commit ntchito yako imapita ku seva, aliyense n'kuiona. Mu Git imatsala pa kompyuta yako mpaka utachita push, kutumiza ku seva. Bukulo silinanene kusiyana kumeneku, choncho iye ankaopa kuchita commit, poganiza kuti anthu aona code yake isanapse. Anagwira ntchito masiku angapo osasunga chilichonse. Tsiku lina zinthu zitasokonekera, anatsegula tsamba lonena za kuyeretsa foda, n'kulemba git reset --hard, ndendende mmene bukulo linanenera.

Anabwera pa desiki yanga mwakachetechete. "Achimwene, mafayilo anga abwerera mwakale. Kodi ndachita chiyani?"

Ndinakhala pa mpando wake. Ndinayang'ana mu reflog, koma reflog imakumbukira ma commit okha, ndipo iye analibe. Ndinayesa git fsck, poti zimene munthu anachitapo git add, kuziika mu staging area, nthawi zina zimapezeka. Anali asanachitenso add. Iye anangoima kumbuyo kwanga, manja atagwira mpando, akuyang'ana zala zanga ngati zikhoza kubweretsa chinachake. Nditamuuza kuti zapita, sanalire. Anatsegula fayilo ija, kuitseka, kuitsegulanso. Kenako anati, "Pepani, ndine wopusa. Musawauze abwana." Mawu amenewo amandipwetekabe mpaka lero. Munthu anatsatira malangizo athu mzere ndi mzere, ntchito yake n'kutayika, koma wopepesa anali iyeyo. Usiku umenewo anatsala mu ofesi kulembanso zonse kuchokera m'mutu, ndipo tsiku lotsatira anafika maso atatupa.

Sabata yomweyo ndinayamba kufufuta. Ndinachotsa mizere yonse yoyerekeza Git ndi svn. Ndinasankha dzina limodzi, staging area, n'kutchula ena awiriwo kamodzi kokha kuti munthu akakumana nawo asadabwe. Tsamba la kuyeretsa foda ndinalichotsa lonse, m'malo mwake ndinalemba ziganizo zochepa: chitani commit kawirikawiri, palibe amene aione, reset --hard imataya zonse zimene simunasunge, ndipo sizibwerera. Bukulo linaonda kwambiri.

Abwana aja atawona anandiitana. "Mnyamata iwe, wakutuma ndani? Ukudziwa kuti zimenezi ndinazilemba nthawi yaitali bwanji?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, bukuli timalisunga mu Git momwemo. Mawu anu onse ali mu git log, mbiri ya zosintha zonse, amene akuwafuna awapeza." Sanamve. Anachita git revert pa ntchito yanga yonse, kubweza bukulo mwakale, ndipo pa msonkhano anauza anzathu kuti ndikutaya nzeru za kampani. Za mtsikana uja sindinatchule, chifukwa anandipempha. Inu amene mukuti ndikanangowonjezera chenjezo osachotsa kanthu, dziwani kuti machenjezo analimo kale, atakwiriridwa pansi pa ndime zazitali. Munthu amene code yake yasokonekera sawerenga ndime zazitali. Amasaka lamulo, n'kulilemba.

Tinakokana mpaka wamkulu wa dipatimenti anapempha atsopano onse kuti awerenge mabuku awiriwo n'kunena limene amvetsa. Anasankha lalifupi. Masamba a svn anawaika pa fayilo ina payokha, ndipo abwanawo sanandipatsenso moni bwinobwino.

Zaka zinadutsa, ine n'kusintha ntchito. Mu 2019 Git 2.23 inabweretsa git switch ndi git restore, kugawa pawiri ntchito za checkout, lamulo limene linkasamutsira munthu ku branch (nthambi ya ntchito) ina komanso kutaya zimene wasintha m'fayilo. Nditawerenga mtima wanga unakhala pansi, chifukwa eni ake a Git anavomereza kuti osokonezeka aja sanali opusa. Uthengawo ndinamutumizira mtsikana uja, amene pano ndiye amaphunzitsa atsopano kumene akugwira ntchito.

Amene mwafunsa chimene chinandichotsa pa kampani ija, si nkhani ya bukuyi ayi. Imeneyo ndiilemba mu gawo lotsatira.