Chilombo changa chinaphunzira kugwa

Ndinawaitana malume kuti Loweruka adzaone zodabwitsa: tizilombo ta m'kompyuta tophunzira tokha kuyenda, popanda wotipangira miyendo. Nzeruyi si yanga ayi. Katswiri wina wa makompyuta, Karl Sims, anazichita kale ku America mu 1994, ndi tizilombo topangidwa ndi timabokosi tolumikizana, tina mpaka tinayamba kusambira ngati njoka. Ndiye ine ndinati, laputopu yanga yakaunjikayi ingalephere bwanji?

Lamulo linali limodzi basi. Tizilombo 200 tiponyedwe pansi kwa masekondi 10. Timene tafika patali tibereke ana, anawo asiyane pang'ono ndi makolo mwangozi, totsalato tifafanizidwe. Kenako kubwereza, kubwerezanso. Ndinaisiya laputopu usiku wonse, fani ikulira ngati chigayo, ine ndikupemphera kuti magetsi asathime.

M'mawa ndinangoona manambala a mtunda atakwera mochititsa kaso. Kanema wake sindinamuonere n'komwe. Ndinasamba, n'kuvala shati yopitira kutchalitchi.

Malume anafika, anakhala pampando, magalasi pamphuno. Ndinadina batani. Panatulukira chinthu chachitali ngati nsungwi, chopanda mwendo ndi umodzi womwe, kumwamba chili ndi chimutu cholemera. Chinaima njii. Kenako chinapendekeka pang'onopang'ono n'kugwa, phii! Osagwedezekanso.

"Chayenda?" anafunsa malume.

"Chayenda ndithu malume. Taonani pamene mutu wachokera ndi pamene wafika."

"Mphwanga, ngati kuyenda n'kumeneku, anzathu a kachasu aja tiwatumize ku Olympics."

Cholakwa chinali changa. Kompyuta ndinaiuza kuti iyeze mtunda umene pakati pa thupi pasuntha, za miyendo sindinatchule. Ndiye m'badwo ndi m'badwo, chachitali chinkagwera patali kuposa chachifupi, n'kubereka ana otalikirapo. Palibe anaganiza zobera mayeso, zinangodzisankha zokha. Pambuyo pake ndinawerenga kuti Sims nayenso zinamuchitikira zomwezi, ndipo mtima unakhalako pansi pang'ono, koma malume samudziwa Sims.

Ndinakonza lamulo kuti kuyeza kuziyamba chilombo chikagwa kale n'kukhala bata. Patatha sabata ndinapeza kena kodzikoka ndi mwendo umodzi ngati nkhanu yovulala. Ndinatumiza kanema kwa malume pa WhatsApp ndi chimwemwe chonse.

Anayankha madzulo: "Ndaona. Koma chakugwa chija unditumizirenso, azakhali ako akuchifuna."