Chiseyeye cha agogo ndi kathumba ka mumtima

Sabata yatha ku wodi ndinagwira dzanja la agogo ena aamuna kuti ndiwerenge kugunda kwa mtima. Zala zitatu zili pamtsempha, ndinamva kugunda, kugunda, kenako zii, kenako kuwiri kothamangitsana, kenako kamodzi kofooka ngati kochokera kutali. Ng'oma yotere palibe angaivinire. Pafayilo panalembedwa atrial fibrillation, kutanthauza kugunda kosokonekera kwa mtima. Anabwera nawo chifukwa dzanja lamanja linafooka mwadzidzidzi, pakamwa n'kupotokera mbali imodzi.

Mdzukulu wawo wamkazi, yemwe ankawadikirira, anawapatsa madzi otsukuluza m'kamwa. Atalavulira m'kabeseni, madziwo anali ofiira.

"Agogo, magazi amenewa anayamba liti?"

"Aa, mwanangu, n'chiseyeye ichi, ndakhala nacho zaka. Mbali iyi ndinasiya kutsukako. Mswachi ukangokhudza, basi magazi."

Ndinawapempha kuti ayasamule, n'kuunika ndi tochi ya pafoni. Nkhama zinali zotupa, zitatsikira pansi mpaka mizu ya mano kuonekera. Mano awiri akutsogolo ankagwedera, ndipo m'munsi mwake munali litsiro louma lachikasu, lolimba ngati simenti.

M'makope mwanga za mtima zili kwina, za m'kamwa zili kwina, ndipo za m'kamwazo ndi masamba ochepa chabe. Usiku umenewo ndinatsegula makope onse awiri pamodzi.

Pa atrial fibrillation, zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima sizifinya magazi mwamphamvu, zimangonjenjemera. Pambali pa chipinda chakumanzere pali kathumba kakang'ono kooneka ngati khutu, ndipo m'menemo magazi amazungulirazungulira osatuluka bwino, monga madzi amachitira pokhota pa mtsinje pamene pamasonkhana zinyalala. Magazi akadekha amaundana. Kwa odwala amene mavavu (tizitseko) a mtima wawo ali bwino, pafupifupi zibulumwa 9 mwa 10 zilizonse zimapangikira m'kathumba kameneka. Kachidutswa kakangothothoka, kamayenda ndi magazi n'kukatseka mtsempha wa mu ubongo, basi munthu wafa ziwalo. Kafukufuku wa ku Framingham, ku America, anasonyeza mu 1991 kuti vutoli limachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu.

Aphunzitsi athu amakonda kutifunsa zinthu zitatu zochititsa magazi kuundana, zomwe zimatchedwa ndi dzina la Rudolf Virchow, dokotala wa ku Germany wa zaka za m'ma 1800: magazi oyenda pang'onopang'ono, khoma lam'kati la mtsempha kapena mtima lowonongeka, ndi magazi osachedwa kugwirana. Ine ndinkaloweza choyambacho n'kuona ngati nkhani ya atrial fibrillation yathera pomwepo. Ziwiri zinazo ndi zomwe zinanditengera m'kamwa.

Pakati pa dzino ndi nkhama pali kangalande. Kwa munthu wa nkhama zabwino kuya kwake ndi mamilimita 1 mpaka 3. Chiseyeye chikakula kangalandeko kamazama, kupitirira 4, nthawi zina 6 kapena 7, ndipo pansi pake mpweya sufikapo. Ndiko kwawo kwa kachilombo kotchedwa Porphyromonas gingivalis, komwe sikafuna mpweya ndipo kamadya zochokera m'magazi. Khoma la kangalande kameneka ndi chilonda chosapola. Munthu akamatafuna chimanga chokazinga, ngakhale potsuka mano kumene, tizilombo timatha kulowa m'magazi kudzera pachilondacho. Ndiye taganizani, mano ambiri, tsiku ndi tsiku, kwa zaka.

Chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi zida za kachilomboka. Kamatulutsa timadzi totchedwa gingipain, tomwe ntchito yake ndi kudula mapuloteni. Mu labotale zaoneka kuti timadziti timatha kudzutsa mapuloteni oundanitsa magazi, monga prothrombin ndi factor X, komanso kuchititsa kuti tizigawo ta magazi totchedwa platelet tiyambe kumatana. Kuwonjezera apo, thupi lomwe likulimbana ndi chilonda chosatha limakhala ndi fibrinogen wochuluka, yemwe amasanduka ulusi wolukira chibulumwa. Apa ndinaona kuti chachitatu cha Virchow chakwana.

Chachiwiri ndinachipeza m'ntchito ya akatswiri a pa yunivesite ya Hiroshima ku Japan, motsogozedwa ndi Shunsuke Miyauchi, yomwe inatuluka m'magazini ya Circulation mu 2025. Anaika kachilomboka m'kati mwa mano a mbewa, pambuyo pake n'kukakapeza kali m'chipinda chakumanzere cha mtima, komwe mnofu unali utayamba kuuma ndi zipsera. Mbewa zimenezi zinkagwidwa ndi kugunda kosokonekera mosavuta kuposa zinzake. Anapimanso minofu ya mtima ya odwala 68 a atrial fibrillation omwe anachitidwa opaleshoni, ndipo kachilomboka anakapezamo, kochuluka mwa omwe chiseyeye chawo chinali chachikulu. Mnofu wa zipsera sufinya bwino, magetsi a mtima sayendamo bwino, ndipo pakhoma lotere magazi sachedwa kukakamira.

Ndinasangalala kwambiri moti m'mawa mwake ndinakafotokozera dokotala yemwe amatiyang'anira, mawu akuthamangitsana. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Nanga agogo akowo amasuta? Shuga ali naye? Ali ndi zaka zingati?" Ndinamva chomwe ankatanthauza. Fodya, matenda a shuga ndi ukalamba zimawononga nkhama, komanso zimawononga mtima pazokha. Zinthu ziwiri zikapezeka mwa munthu mmodzi, mwina china chabala chinzake, mwinanso zonse ndi ana a mayi mmodzi. N'chifukwa chake pa muyeso wa CHA2DS2-VASc, womwe timawerengera kuti tidziwe woyenera mankhwala oletsa magazi kuundana, pali zaka, kuthamanga kwa magazi, shuga, kufooka kwa mtima, sitiroko yakale, matenda a mitsempha ndi kukhala wamkazi, koma chiseyeye palibe. Ndikuvomereza kuti ndi momwe ziyenera kukhalira pakadali pano. Mswachi sungalowe m'malo mwa mankhwala, ndipo wina akauza wodwala kuti angotsuka mano n'kusiya mapiritsi, wamupha.

Komabe sindikuona chifukwa chodikirira kuti nkhaniyi imalizike kaye kenako tiyambe kuyang'ana m'kamwa. Bungwe la WHO linanena mu 2022 kuti anthu oposa biliyoni imodzi padziko lonse ali ndi chiseyeye chachikulu. Kwathu kuno ambiri amapita kwa dokotala wa mano dzino likawagonetsa tulo, ndipo amapita kukazulitsa. Nkhama zotuluka magazi kawirikawiri sizipweteka, choncho palibe amazitenga ngati matenda.

Ndipo pali msampha wina womwe sindinauwerenge m'buku lililonse. Masana mdzukulu uja ananditsatira pakhonde. "Achimwene, ndikuuzeni zoona. Agogo anawapatsa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana aja, chaka chatha. Atayamba kumwa, magazi a m'kamwa anawonjezeka, mpaka pilo ankadzuka ali ndi madontho. Anachita mantha, anati mankhwalawa akuwamaliza magazi. Anasiya miyezi itatu yapitayo."

Ndinaima osayankha kwa kanthawi. Warfarin sabweretsa chiseyeye, koma pomwe pali chilonda kale amachititsa kuti magazi achedwe kuleka. Wodwala akaona magazi amasiya kutsuka, litsiro limachuluka, nkhama zimatupiratu, magazi amawonjezeka, mapeto ake amasiya mankhwala omwe amateteza ubongo wake. Ngakhale kachilombo kaja tikakaika pambali, chiseyeye chinawafikitsa agogowa pabedi ili kudzera njira imeneyi. Ndipo kuno warfarin timamugwiritsabe ntchito kwambiri, makamaka kwa omwe mavavu awo anawonongeka ndi rheumatic heart disease, matenda a mtima omwe amayamba ndi zilonda za pakhosi, ena mwa iwo anyamata ndi atsikana amsinkhu wanga. Timawauza za INR, nambala yosonyeza mmene magazi akuchedwera kuundana, kuti ikhale pakati pa 2 ndi 3, timawauza za masamba obiriwira kuti asamasinthesinthe kadyedwe kake, koma za nkhama sitinenapo kanthu.

Ndinakhala pansi ndi mdzukuluyo n'kumufotokozera kuti agule mswachi wofewa, azitsuka mano a agogo kawiri patsiku pang'onopang'ono, makamaka m'mphepete mwa nkhama momwe mukutuluka magazimo, ndipo magazi akachuluka abwere kuchipatala osati kusiya mapiritsi. Litsiro louma lija mswachi sungalichotse, limafuna kupalidwa ndi a zamano. Dokotala anavomera kuwalembera kalata yopita kumeneko, n'kulembamo kuti adzayambanso warfarin nthawi yake ikakwana, kuti a zamano adziwiretu.

Dzulo kunabwera amayi ena a zaka za m'ma 40, mtima ukugunda mosokonekera chimodzimodzi. Nditamaliza kuwerenga kwa mphindi yathunthu ndinatulutsa tochi. "Amayi, pepani, tayasamulani pang'ono ndione nkhama." Anandiyang'ana modabwa, nati, "Koma inetu ndabwerera mtima." Ndinati ndamva, ndipo ndikuyang'ana zomwezo. Anayasamula.