Tsiku limene ndinakwera ndi kutsika phiri la Zomba ndili pa chiwongolero

Ndakhala ku Matawale zaka zambiri, ndipo phiri ndimaliona m'mawa uliwonse ndikamayanika zovala. Koma kulikwera ndikuyendetsa ndekha galimoto ndinkazengereza. Mu tawuni ndimayenda bwinobwino, ku Blantyre ndimapita, koma msewu wokwera phirilo, wa ku Chawe, ndinkausiyira ena. Chinandikakamiza ndi tchuthi cha mu Ogasiti, pamene achemwali anga anabwera kuchokera ku Lilongwe ndi ana awo awiri, anawo n'kumangoloza phirilo kuti akufuna akaone pamwamba pake. Ndinapita kukapempha amalume kuti atiperekeze. Iwowo paunyamata wawo ankayendetsa lole yonyamula matabwa, ndipo msewu umenewu amaudziwa kona ndi kona.

Anavomera, koma anati pa chiwongolero sakhalapo. "Uyendetsa ndiwe, mwanangu. Ine ndikhala pambali pako."

Tisananyamuke anandiuza nditsegule boneti injini isanatenthe. Tinaona madzi a mu rediyeta, oyilo, kenako kabotolo ka mafuta a mabuleki kamene ine ndinali ndisanakayang'anepo chigulireni galimotoyo. Anandiuza ndiponde buleki kangapo injini ili chozima, kuti ndimve ngati ikulimba kapena ikumira pang'onopang'ono. Ikamamira, ulendo wa kuphiri umathera pomwepo, umayamba wapita kwa makaniko. Anazungulira matayala onse anayi, naona ndi la sipeya lomwe. Mafuta tinathira m'tawuni momwemo, chifukwa galimoto ikamakwera pa giya yotsika imamwa kwambiri, ndipo pamwamba simalo oyembekeza kupeza filing'i.

Msewu umayamba mofatsa, kudutsa mbali ya nyumba zakale za boma, za nthawi imene Zomba inali likulu la dziko lino asanalisamutsire ku Lilongwe mu 1975. Kenako chitunda chimayamba, makona n'kumabwera motsatizana. Amalume anandikumbutsa kuti kale kunali misewu iwiri yopapatiza, wina wokwerera wina wotsikira, imene mpaka pano anthu amaitchula kuti Up Road ndi Down Road. Masiku ano wokwera ndi wotsika amakumana pa msewu umodzi wa tala, ndiye maso ayenera kukhala patsogolo nthawi zonse.

Galimoto yanga ndi ya manual, ndipo kukwera ndinakwera pa giya yachiwiri pafupifupi njira yonse, mwa apo ndi apo yachitatu pamene msewu wawongoka. Chimene ndinaphunzira msanga n'chakuti giya imasinthidwa usanalowe mu kona. Ukadikira kuti galimoto iyambe kutsamwa uli pakati pa kona yokwera, umaponda kilachi, liwiro lonse limathera pomwepo, ndipo umapezeka waima pamalo oipa. Zinandichitikira kamodzi, pa kona ina yokhota ngati chigongono, ndipo injini inazima. Ana kumbuyo anangoti zii. Amalume sanakweze mawu. Anati ndikoke handibuleki, ndilize injini, ndiike giya yoyamba, ndiponde mafuta pang'ono, ndizikweza phazi pa kilachi mpaka ndimve galimoto ikufuna kunyamuka yokha, kenako ndimasule handibuleki. Inanyamuka osabwerera m'mbuyo ndi pang'ono pomwe.

Pa kona iliyonse imene sindinkaona kutsogolo kwake ndinkaliza hutala kamodzi, n'kukhala kumanzere kwanga kwenikweni. Mtima umafuna kudula kona kuti ukhale kutali ndi phompho, koma pakati pa msewu ndi pamene pamatulukira lole ya matabwa. Ndipo si malole okha. Pali azibambo otsika ndi njinga zosenza nkhuni mulu wautali kuposa iwo eni, atagwira mahandulo mwamphamvu, mapazi akukhwekhwereza pansi kuti njinga isawathawe. Munthu ameneyo sangaime mwadzidzidzi ngakhale atafuna. Pali amayi osenza mitolo ya nkhuni pamutu amene sangathe kucheuka kuti akuone. Amenewa ndimawapatsa mpata waukulu, ndipo sindiwaopseza ndi hutala ndili nawo pafupi. Msewuwu kwa ife ndi wa tchuthi, koma iwo ndi pamene amapezera chakudya cha ana awo.

Ndinkaponyanso diso pa muvi wa kutentha kwa injini. Tinazimitsa AC ndi kutsegula mawindo, ndipo mphepo yonunkhira paini inalowa, yozizira moti ana anavala majuzi. Muviwo sunasunthe, koma amalume anandichenjezeratu kuti ukadzakwera ndidzaime pamalo otakata, ndipo ndisadzayerekeze kutsegula chitsekero cha rediyeta injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amatumphuka n'kuwotcha nkhope ndi manja.

Pamwamba tinacheza tsiku lonse. Tinaima pa damu la Mulunguzi, limene limamwetsa mzinda wonse, ana n'kumadabwa kuti madzi a pa mpopi kwathu amachokera pamenepo. Pafupi ndi hotelo ya Ku Chawe anyamata anatizungulira ndi timabasiketi ta sitiroberi, magalagadeya ndi mbatata ya kachewere, ndipo achemwali anagula zochuluka kuposa zimene tikanatha kudya. Tinapita ku mathithi a Williams. Ana ankafuna akafike ku Emperor's View, pamene anatchulapo dzina pokumbukira ulendo wa mfumu ya ku Ethiopia, Haile Selassie, mu 1965, ndiponso ku Dzenje la Chingwe, koma misewu ya kumeneko ndi yafumbi, ya miyala ndi makwawa, ndipo galimoto yanga ndi yotsika pansi. Sindinafune kuisiya sampu, chosungira oyilo cha pansi pa injini, pa mwala. Ndikuona kuti amene ali ndi galimoto ngati yanga angachite bwino kuiimika pamene tala wathera n'kuyenda wapansi ndi mmodzi wa anyamata operekeza alendo, makamaka m'nyengo ya mvula pamene dothi lake limaterera ngati sopo.

Cha m'ma 4 koloko chiperoni chinayamba kutsika kuchokera mbali ya nsonga za phiri. Nsonga yaitali, ya Malumbe, imapitirira mamita 2,000, ndipo nkhungu ya kumeneko siichedwa kufika. Amalume anati tizipita kusanade.

Potsika m'pamene ndinalakwitsa, ndipo n'chifukwa chake ndalemba zonsezi. Ndinkaganiza kuti ntchito yovuta ndaithana nayo pokwera. Ndinaika giya yachinayi, phazi n'kuligoneka pa buleki, galimoto ikutsetsereka mwakachetechete. Amalume anali atatembenukira kumbuyo akufotokozera ana za anyani amene tinawaona m'mbali mwa msewu, ndiye sanaone msanga. Titadutsa makona angapo ndinamva fungo ngati la mphira wopserera. Pa kona yotsatira ndinaponda buleki monga ndinkapondera, koma galimoto sinamvere ngati poyamba. Ndinachita kuponda ndi mphamvu zonse kuti ichepetse liwiro. M'manja munatuluka thukuta.

"Amalume, mabuleki sakugwira bwino."

"Bwezera yachitatu. Tsopano yachiwiri. Usathamangire, kweza kilachi pang'onopang'ono."

Injini inalira mokweza, galimoto n'kudzigwira yokha ngati wina waikoka kumbuyo. Patsogolo pang'ono panali malo otakata, ndipo ndinapatukira pamenepo n'kuima. Amalume anatsika, natola mwala, nauika kutsogolo kwa tayala. Anandiitana kuti ndiyandikitse dzanja pa limu la kutsogolo osaligwira. Linkatentha ngati chiwaya cha tchipisi. Ndinatenga botolo la madzi kuti ndithirepo, iwo n'kundigwira mkono. Chitsulo chotentha chotero ukachithira madzi ozizira chimapindika kapena kung'aluka, ndipo ukatero wagula vuto lina. Chimafunika kuzizira chokha.

Tinakhala pamenepo pafupifupi theka la ola, tikudya sitiroberi, iwo akundifotokozera. Buleki imaimitsa galimoto pokhuzitsa mapadi ndi chitsulo chozungulira, ndipo mphamvu yonse ya galimoto yotsetsereka imasanduka moto pamenepo. Mu tawuni umaponda n'kusiya, ndiye zimapeza mpata wozizira. Koma ukagoneka phazi kwa makilomita angapo uli ndi anthu asanu ndi katundu, mapadi amatentha mpaka kuleka kugwira. Zikapitirira, mafuta a mabuleki amawira, makamaka akakhala akale chifukwa amakhala atayamwa chinyezi, ndipo m'mapaipi mumalowa nthunzi. Zikafika pamenepo phazi limangomira mpaka pansi popanda chogwira. Ine ndinali ndisanafike pamenepo, koma ndinali m'njira yake.

Lamulo lawo linali lalifupi: giya imene wakwerera ndi imene utsikire. Injini ndiyo igwire galimoto, buleki ingothandizira. Ukaona liwiro likukwera, ponda molimba kwa kanthawi kochepa msewu uli wowongoka, liwiro litsike, kenako chotsa phazi lonse kuti mabuleki apume. Mu kona ulowe utachepetsa kale. Achemwali anafunsa za galimoto yawo, imene ndi ya otomatiki. Anawayankha kuti asaisiye pa D, aikokere pa 2 kapena L, ndipo zina zochokera ku Japan zimalemba B pamalo pomwepo.

Chimene amalume amadana nacho koposa ndi chizolowezi choika galimoto pa neutral potsika, kapena kuzimitsiratu injini, ati kupulumutsa mafuta. Ndikudziwa mmene mafuta amavutira, ndipo ndaonapo madalaivala ambiri akuchita zimenezi ndili m'galimoto zawo. Koma pa neutral injini sikugwiranso kanthu, katundu yense wagwera mabuleki. Ukazimitsa injini ndiye zoipiratu, chifukwa mphamvu yothandizira buleki imatha ukangoponda kawiri kapena katatu, ndipo chiwongolero chimauma. Kuyambira tsiku limenelo, ndikakwera galimoto ya wina n'kumva injini yakhala chete pamtsetse, ndimalankhula, ngakhale ena andiyang'ane.

Titanyamukanso nkhungu inali itatipeza. Ndinayatsa nyali zapansi, chifukwa zowala kwambiri zimangogunda nkhunguyo n'kubwerera m'maso. Ndinayesa buleki kawiri tisanalowe mumsewu, ndipo inali italimbanso. Ndinatsika pa giya yachiwiri, injini ikulira, ine osaimvera chisoni. Galimoto ina inabwera kumbuyo ikuthwanimitsa nyali kuti ndifulumire. Sindinawonjezere liwiro, ndinangodikira malo otakata n'kuipatukira kuti idutse. Pamalo ena opapatiza tinakumana ndi minibasi ikukwera, ndipo ndinaima ine, chifukwa wokwera akaima amavutika kunyamukanso kusiyana ndi wotsika.

Nkhungu inatisiya chapakati pa phiri, ndipo tawuni inaonekera pansi, nyali zikuyamba kuyaka, nyanja ya Chilwa ikuyera chapatali. Titafika kunyumba amalume anandiuza ndiyandikitsenso dzanja pa limu lija. Linali lofunda chabe. M'mawa mwake ndinapita nayo kwa makaniko, anasintha mafuta a mabuleki amene anatuluka akuda ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo mapadi a kutsogolo anati atsala pang'ono kutha, tinaikiratu ena. Loweruka lotsatira achemwali asanabwerere ku Lilongwe tinakweranso, ulendo uno amalume atatsala kunyumba.